Mapaundi 7,500 a heat pump aja alipodi, kapena ndi madobadoba?

NaBanda_Leeds
Abale anzanga, ndithandizeni nzeru. Boiler yathu, makina a gasi otenthetsa madzi ndi kufunditsa nyumba, yayamba zibwana, madzi amatentha bwinobwino, uli pakati posamba basi azizira. Injiniya amene anabwera kudzaiona wati ikhoza kutidutsitsa chisanu chikubwerachi kapena ayi, iye sakulonjeza. Tili m'kati moganiza zimenezo, wina wandiimbira foni kuti boma likupereka mapaundi 7,500 kwa aliyense wofuna heat pump, makina a magetsi ofunditsa nyumba m'malo mwa boiler, ati iwo angobwera kudzaika, ine changa n'kusaina basi, osalipira kalikonse. Bambo a kunyumba kuno akuti ndi akuba amenewo, ndisawayankhenso. Ndiye ndifunse inu amene mwakhalitsa kuno: ndalama imeneyi ilipodi? Amapatsa anthu otani? Ife nyumba ndi yathu, tikubweza ngongole ku banki, ndi zija zogundizana mumzere. Koma mapepala athu akadali a viza ya ntchito. Si zija za public funds, thandizo la boma limene ife a viza sitiloledwa kulandira, zoti mawa lino zidzatipweteketsa pokonzanso viza?

KabazaWaManchester
Chaulere ku UK? Mayi, dulani foniyo.

AnkoloMagetsi
Mayi NaBanda, bambo a kunyumba alondola theka, theka linalo ayi. Ndalamayo ilipodi. Dzina lake ndi Boiler Upgrade Scheme, inayamba mu 2022, imagwira ntchito ku England ndi ku Wales, ndipo amene amaiyendetsa ndi a Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi. Poyamba inali mapaundi 5,000 pa heat pump yokoka kutentha mumpweya, koma mu Okutobala 2023 anaikweza kufika pa 7,500. Bodza la munthu wakuimbiraniyo lili pa mawu oti "osalipira kalikonse". Ntchito yonse, makina, thanki, mapaipi ndi amisiri, pa nyumba wamba imazungulira pa mapaundi 12,000 kapena 13,000. Boma limachotsapo 7,500, yotsalayo ndi yanu. Zimachitika kuti nyumba ina yaing'ono, yokonzeka kale, yotsalayo imachepa kwambiri, koma palibe angakuuzeni zimenezo pa foni asanaponde pakhomo panu n'kuyeza zipinda.

China chimene anthu ambiri samva: ndalamayo simuigwira m'manja. Simulemba fomu inu. Mumasankha kampani yoika, ndipo kampaniyo iyenera kukhala ndi satifiketi ya MCS, yosonyeza kuti ndi yovomerezeka kuika makina oterewa. Iwo ndi amene amapempha ndalamayo kwa Ofgem m'malo mwanu, n'kuichotsa pa kotesheni yanu. Kenako a Ofgem amakutumizirani imelo kufunsa ngati mukuvomerezadi kuti kampani imeneyi ikupemphereni, inu n'kuyankha. Ngati munthu akukuuzani kuti mulipire kaye 7,500 yonseyo boma lidzakubwezerani ku akaunti yanu, ameneyo musamupatse ndi madzi akumwa omwe.

Zoyenereza n'zochepa. Nyumba ikhale yanu. Mukhale kuti mukuchotsa boiler ya gasi, ya mafuta, kapena zotenthetsera za magetsi. Lamulo la mu 2025 linkatinso nyumbayo ikhale ndi EPC yosatha ntchito, pepala lija limaonetsa ndi zilembo A mpaka G mmene nyumba imasungira kutentha, limakhala zaka 10. Safunsa malipiro anu, safunsa pasipoti.

NaBanda_Leeds
Zikomo ankolo. Nanga za viza zija? Pamenepo ndi pamene pakundisowetsa tulo.

Wowerengera_MK
Asisi, zimene a Home Office, unduna woona za ma viza, amazitcha public funds zili pa mndandanda wake, ndipo mndandandawo uli pa gov.uk, aliyense akhoza kuuwerenga. Muli zinthu monga Universal Credit, Child Benefit, Housing Benefit, nyumba za khonsolo ndi zina zotero. Boiler Upgrade Scheme mulibemo. Komanso monga anenera ankolo, ndalamayo imapita kwa kampani, ndipo chimene amayang'ana ndi nyumba ndi mwini wake. Ine ndinaika yanga ndisanapeze mapepala okhazikika. Kuti mtima ukhale m'malo, tsegulani mndandandawo nokha muuone ndi maso anu, musadalire ine.

Mlendi_Luton
Ndiye ife a lendi tingokhala chete eti? Nyumba imene ndikukhala ine m'bafa khoma lachita nkhungu, boiler ndi ya nthawi ya Kamuzu.

AnkoloMagetsi
Achimwene a ku Luton, inu simungapemphe, koma landilodi wanu akhoza. Sikimuyi imalola eni nyumba zochititsa lendi. Vuto n'loti bilu ya gasi amalipira ndinu, ndiye iye alibe chomufulumizitsa. Za nkhunguzo ndi nkhani ina, kadandauleni ku khonsolo, ali ndi ofesi yoona za nyumba za lendi.

Mlendi_Luton
Ndikamuuza za heat pump mawa lake andikwezera lendi. Ndimamudziwa mkulu ameneyu.

Chimbalanga77
Ine ndikutsutsa gulu lonse. Mayi NaBanda, gulani boiler ina ya gasi, mugone tulo. Ndi mapaundi 2,500 kapena 3,000 tsiku limodzi ntchito yatha. Mnzanga wa kuntchito anaika heat pump, chisanu choyamba ana amagona ndi majekete, bilu ya magetsi inakwera mpaka mkazi wake anafuna kubwerera kwa makolo ake. Magetsi kuno ndi odula pafupifupi kanayi poyerekeza ndi gasi. Ndiye mundiuze kuti kuchoka pa chotchipa kupita pa chodula ndi nzeru? Boma likamakunyengerera ndi ndalama kuti ugule chinthu, uzidzifunsa kuti bwanji chinthucho sichikudzigulitsa chokha.

KabazaWaManchester
Apa a Chimbalanga mwalasa.

Wowerengera_MK
A Chimbalanga, za mtengo wa magetsi mwanena zoona, koma masamu mwawasiyira panjira. Heat pump siwotcha magetsi kuti apange kutentha ngati mmene imachitira ketulo. Ndi makina amodzimodzi ndi firiji yanu, kungoti anawatembenuza. Gwirani kumbuyo kwa firiji, kumatentha, chifukwa ikutulutsa kutentha kwa m'kati kukutaya kunja. Heat pump imatenga kutentha kwa mumpweya wa panja, ngakhale kunja kukuzizira, n'kukulowetsa m'madzi a m'mapaipi anu. Yuniti imodzi ya magetsi imakupatsani mayuniti atatu a kutentha, ikaikidwa mwaluso mpaka anayi. Boiler ya gasi yuniti imodzi imakupatsani yosakwana imodzi, kwinako kumathawira pa chumuni. Mukawerengera zonse, mabilu amatsala pang'ono kufanana. Ikaikidwa bwino mumapulumutsako, ikaikidwa mwachinyengo mumalira ngati mnzanuyo.

Kwathu kuno zinayenda chonchi. Anabwera munthu ndi tepi ndi kompyuta, anayeza chipinda chilichonse, mawindo, makoma, anakwera m'denga kukaona ubweya uja amayala pamwamba pa siling'i. Anatiuza kuti ma radiator atatu, zitsulo za pakhoma zodutsamo madzi otentha zofunditsa chipinda, ndi aang'ono, asinthidwe, chifukwa heat pump imayendetsa madzi ofunda chabe, madigiri 40 kapena 45, pomwe boiler imawatenthetsa mpaka 60 kapena 70. Madzi akakhala ofunda chabe, chitsulo chiyenera kukula kuti chipinda chifunde chimodzimodzi. Kampani ina imene inabwera poyamba sinayeze chilichonse, munthu anangoima pakhomo n'kuyang'ana nyumba, dzuwa lisanalowe kotesheni yafika. Imeneyo tinaisiya. Ndikukhulupirira mnzanu uja anagwa m'manja mwa otere.

Titachotsa gasi yense, ndi chitofu chomwe, tinauza kampani ichotse mita, ndiye ndalama ija amadula tsiku lililonse ngakhale usanayatse kanthu inatha. Tinalowanso pa mtengo wa magetsi umene umatsika maola ena a tsiku. Makampani angapo ali nawo, Octopus ali ndi wawo wotchedwa Cosy, koma pamafunika smart meter, mita yotumiza yokha manambala ku kampani. Sindikunena kuti talemera nazo. Ndikunena kuti bilu sinakwere, ndipo nyumba imakhala yofunda usana ndi usiku.

Chimbalanga77
Asisi, mwalemba buku lonse kuti mutiuze kuti bilu ndi yomweyo. Ndiye 5,000 yanu yowonjezera ija ibwerera liti?

Wowerengera_MK
Boiler yathu inali itafa kale, 3,000 tikanaitulutsabe. Kusiyana kwake kunali kochepa kuposa mmene mukunenera. Ndipo pakali pano pa ntchito imeneyi palibe VAT, mpaka Malichi 2027.

MphwanuWaKuDedza
Inu anthu mukudandaula chisanu chanji? Ife tinakulira ku Dedza, Juni m'mawa udzu utayera mbuu, kusukulu wapansi opanda nsapato. Mbaula imodzi banja lonse. Lero mukufuna boma likufunditseni.

Gogo_wa_Atatu
Mwana wanga wa ku Dedza, mbaulayo usaitchule mwachibwana kuno. Nyumba za kuno n'zotsekeka, mpweya sulowa ngati kwathu. Makala m'nyumba amapha anthu ali m'tulo, utsi wake suoneka, sununkha. Ndamvapo ena obwera kumene akuti bilu ikavuta alowetsa mbaula ya kanyenya m'khitchini. Chonde, ayi.

MphwanuWaKuDedza
Pepani agogo, ndimangocheza. Ine ndemwe pano heater ili pamiyendo.

JoniBoy
Kuno ku Joni heat pump timaidziwa ya giza, yotenthetsa madzi osamba basi. Bwana wanga ali nayo ina ya dziwe losambira. Zoti munthu n'kufunditsa nayo nyumba yonse ndazimvera pano. Koma 7,500 ya mapaundi abale, kumudzi imeneyo ndi nyumba ya malata mpaka pulasitala.

KabazaWaManchester
N'chifukwa chake sakukupatsani m'manja. Amatidziwa. Ikanathera pa Mukuru tsiku lomwelo.

Chimbalanga77
Kabaza wanena zoona. Ine ndikanagula ma solar a ku Area 49, ESCOM indione kumbuyo.

MphwanuWaKuDedza
Solar kumudzi ndiye nkhani. Ndinatumiza ndalama ya mabatire, mlamu wanga anagula a galimoto, miyezi ingapo basi afa. Alipo akudziwa wodalirika ku Lilongwe?

Admin_Gulu
Abale, za solar ndi za alamu tsegulani nkhani yake payokha. Pano tikuthandiza Mayi NaBanda za boiler.

Tadala_Glasgow
Ndiyankhe a kuno ku Scotland, chifukwa tilipo ambiri pagulu pano ndipo tikhoza kusokonezeka. Boiler Upgrade Scheme kuno siigwira ntchito. Yathu imadzera ku Home Energy Scotland. Ndalama yake ndi 7,500 yomweyo, ndipo a kumidzi yakutali ndi kuzilumba amawonjezeredwa 1,500 kufika 9,000. Chimene chinandikoka ine n'choti pamwamba pake amabwereketsanso mpaka 7,500 ina yopanda chiwongoladzanja. Koma kachitidwe kake n'kosiyana ndi ka ku England: kuno umayamba iweyo kuwaimbira foni, umalemba fomu wekha, ndipo usayerekeze kuyambitsa ntchito asanakutumizire kalata yoti avomera. Ukayamba msanga, ndalama yapita. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anapupuluma chifukwa amisiri anati ali ndi mpata sabata imeneyo, analipira yonse yekha.

AnkoloMagetsi
Tadala wachita bwino kutchula zimenezo. A ku Belfast nawonso dziwani kuti sikimu ya England ndi Wales siifika ku Northern Ireland.

NaBanda_Leeds
Ndayang'ana EPC monga munanenera. Ndangolemba postcode pa gov.uk, yatuluka, osalipira. Tili pa D, ndipo idakali ndi zaka. Koma pansi pake alemba kuti tiwonjezere zofunditsa m'denga. Mnzanga wina akuti zikalembedwa choncho ndiye kuti sungalandire mpaka utakonza. Zoona?

AnkoloMagetsi
Mnzanuyo akunena lamulo lakale. Poyamba zinalidi choncho, EPC ikanena za m'denga kapena za m'kati mwa makoma umayenera kukonza kaye. Lamulo limenelo analichotsa mu Meyi 2024. Pano mukhoza kulandira osakonza. Koma ine monga munthu wa ntchito zamanja ndikuuzani kuti konzanibe. M'denga ndi motchipa, ndipo kutentha kochuluka ndithu kumathawira kumeneko. Mukafunditsa denga musanayezetse nyumba, mwina angakupatseni makina ocheperako ndiponso ma radiator osintha angachepe. Kaya mugula heat pump kaya boiler ya a Chimbalanga, denga lokha konzani.

Funso limene palibe wakufunsani ndi ili: boiler yanu ndi combi? Ija yopanda thanki, yotenthetsa madzi pompopompo mukatsegula mpopi?

NaBanda_Leeds
Eya, ndi combi, ili m'kabati m'khitchini.

AnkoloMagetsi
Ndiye vuto lanu lalikulu si Ofgem ayi, ndi malo. Heat pump imafuna thanki ya madzi otentha, yotalika pafupifupi ngati munthu, ndipo nyumba zogundizanazi zambiri kabati ya thanki anaigumula kalekale n'kukulitsa bafa. Yendani m'nyumbamo muone: pansi pa masitepe, pakona pa chipinda, kapena m'denga ngati matabwa angapirire kulemera kwake. Chachiwiri ndi panja. Makinawo ndi bokosi lalikulu lokhala ndi fani, limafuna mpweya uzidutsa momasuka, silifuna kupanikizidwa pakona. Kale ku England linkayenera kutalikira mita imodzi kuchoka pa malire ndi neba, apo ayi upemphe chilolezo ku khonsolo, ndipo nyumba ngati yanuyo zambiri zinkagwera pamenepo. Kumapeto kwa Meyi 2025 lamulo la mita imodzilo analichotsa. Chatsala ndi phokoso: woika amawerengera kuti pawindo la neba phokoso lisapyole muyezo. Zimenezo ndi ntchito yake, si yanu, koma mufunseni akuonetseni pepala lake.

Nyakwawa_Cardiff
Ankolo, zimenezo ndi za ku England. Kuno ku Wales ndalama ndi yomweyo koma malamulo a khonsolo ndi athu athu, ndiye a kuno funsani kaye musanakumbe. Ine neba wanga ndi gogo wachizungu amene amadandaula ngakhale fungo la usipa. Nditamuuza za makinawa anabwera ndi kope. Titayatsa anaima pampanda nthawi ndithu, kenako anafunsa kuti muyatsa liti. Phokoso lake ndi laling'ono, limakwerako kukazizira kwambiri. Chimene chinatiopsa ife ndi tsiku lina m'mawa mu Januwale, bokosi lonse likufuka nthunzi, madzi akuchucha pansi. Mayi a kunyumba anathamanga kukazimitsa poganiza kuti lapsa. Kunali kusungunula ayezi amene amagwira kumbuyo kwake, limachita lokha. Woika uja sanatiuze. Muonetsetse kuti madziwo ali ndi kolowera, apo ayi amaundana pa njira, munthu n'kuthyoka mwendo.

Gogo_wa_Atatu
Ine ndifunse zanga. Nyumba yanga inali ya khonsolo, ndinaigula zaka zapitazo. Mwana wanga akuti nyumba za khonsolo salandira. Ndiye ine ndili mbali iti?

Wowerengera_MK
Agogo, ngati munaigula yonse ndipo mapepala ali m'dzina lanu, si ya khonsolonso, ndi yanu, mukhoza kulandira. Amene salandira ndi amene akuchita lendi ku khonsolo kapena ku housing association, mabungwe ochititsa lendi nyumba motchipa. A shared ownership nawonso, aja munagula gawo kwinako mukulipira lendi, sikimuyi imawawerengera kumodzi ndi nyumba zimenezo, ndiye musadalire 7,500 musanafunse. Nyumba zatsopano zomangidwa ndi makampani nazonso ayi, pokhapokha ngati munamanga nokha.

Koma agogo, inu musathamangire sikimu imeneyi. Ngati ndalama zolowa pakhomo panu pachaka sizipyola mapaundi 36,000 ndipo EPC yanu ili pakati pa D ndi G, ku England kuli ina yotchedwa Warm Homes: Local Grant, imadzera ku khonsolo. Imeneyo mwini nyumba wokhalamo salipira, ndipo amayang'ana nyumba yonse, zofunditsa, mwinanso heat pump kapena solar, malinga ndi zimene apeza. Mu 2025 kunalinso ECO4 ya makampani a magetsi ndi gasi, ya anthu olandira thandizo monga Pension Credit kapena Universal Credit. Kuipa kwa ya khonsolo ija n'kudikira, ndiponso si khonsolo iliyonse imene ili ndi ndalama nthawi imodzi.

KabazaWaManchester
Ndiye chaulere chilipo? Ndabweza mawu anga theka.

Nyakwawa_Cardiff
Ya kuno ku Wales yofanana ndi imeneyo ndi Nest.

Chimbalanga77
Chaulerecho n'chimene chikubweretsa anyamata ogogoda m'makomo aja. Kwathu anabwera awiri atavala mabaji, akuti atumidwa ndi boma. Boma lake liti logogoda pakhomo Loweruka madzulo? Anafuna ndiwaonetse makalata a ku banki pompo. Ndinawauza kuti galu wanga sanadye.

Tadala_Glasgow
A Chimbalanga mulibe galu inu.

Chimbalanga77
Iwo samadziwa.

AnkoloMagetsi
Pa nkhani iyi yokha ine ndi a Chimbalanga tili limodzi. Wokuimbirani foni kapena wogogoda musamupatse chilichonse. Pitani nokha pa tsamba la MCS, pali pofufuzira makampani ovomerezeka a m'dera lanu. Itanani atatu. Aliyense akupatseni pepala losonyeza kutentha kumene chipinda chilichonse chimataya, kukula kwa makina, madigiri a madzi amene akonzera, ndi ma radiator amene asinthe. Muone kuti 7,500 yachotsedwa poyera pa kotesheni. Afunseni ngati ali mu RECC kapena HIES, mabungwe oteteza ogula, chifukwa dipoziti yanu imatetezedwa kudzera kumeneko kampani ikagwa. Ndipo wina akakuuzani kuti akusiyirani boiler ya gasi igwire limodzi ndi heat pump, dziwani kuti zosakaniza zotero sikimuyi silipira. Gasi wofunditsira nyumba ayenera kuchoka. Chitofu cha gasi chokha mukhoza kusunga.

NaBanda_Leeds
Chitofu ndiye chisachoke. Nsima ya pa magetsi bambo a kuno amaidziwa ndi fungo.

Wowerengera_MK
Asisi, chitofu cha magetsi cha induction chimaphika nsima bwinobwino, mungosintha mapoto. Mukasunga chitofu ndiye kuti mukulipirabe ndalama ya tsiku ndi tsiku ya mita ya gasi chifukwa cha mphika umodzi.

MphwanuWaKuDedza
Nsima ya induction? Gulu lino lafika patali.

NesiWaUsiku
Ndabwera mochedwa, ndinali ku shifiti. Pali chinthu chimodzi chimene sichinanenedwe, ndipo kwa ife ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba n'chachikulu. Tinazolowera kuti ukamachoka umazimitsa zonse, ukabwera m'mawa uli gwaa ndi chisanu umatsegula boiler mwamphamvu, mphindi makumi awiri nyumba yatentha, wagona. Heat pump siifuna zimenezo. Ili ngati nyemba za pa moto wa chikuni, zimapsa pang'onopang'ono ndipo susonkhezera mwaukali. Umaisiya iziyenda tsiku lonse motsika, usiku n'kutsitsako madigiri awiri okha. Mwezi woyamba ine mtima unkandipweteka kusiya chinthu chikuyaka m'nyumba mopanda munthu, ndinakulira m'nyumba ya mayunitsi a ESCOM ine. Ndinkazimitsa. Bilu inakwera, nyumba osafunda, chifukwa ndikabwera makina amalimbana ndi makoma ozizira pa mphamvu yake yonse. Woika uja atabweranso anandiuza kuti ndisiye kugwiragwira. Kuyambira pamenepo zinakhazikika. Ukagwira radiator imangokhala yofunda, osati yowotcha, alendo ochokera kumudzi amaganiza kuti yawonongeka, koma m'nyumba anthu ali ndi malaya okha.

Za madzi osamba, thanki ikatha yatha, imatenga nthawi kuti itenthenso. Ngati muli ndi achinyamata osamba ngati akuchapa bulangete, uzani woikayo kuchuluka kwa anthu m'nyumba, osabisa ndi alendo a tchuthi omwe, akupatseni thanki yokwanira.

A Chimbalanga, mnzanu uja mukamufunse ngati amazimitsa popita kuntchito.

Chimbalanga77
Ndimufunsa. Koma chinthu chofuna kuti munthu apite kusukulu kuti adziwe kuchiyatsa, ine ayi. Ndipo nonse mukuzemba funso lenileni. Boiler ya mayiwa ikafa pa 20 Disembala, ana ali m'nyumba, heat pump ibwera mawa lake?

AnkoloMagetsi
Siibwera. Apa mwagwira mfundo. Kuyeza nyumba, kotesheni, kudikira Ofgem, kudziwitsa kampani ya mawaya a magetsi a m'dera lanu, kupeza tsiku la amisiri, zonsezi ndi masabata angapo, nthawi ya chisanu mwinanso miyezi. Ntchito yeniyeniyo ndi masiku angapo, ndipo ena mwa masikuwo m'nyumba mulibe chofunditsa. Ofgem ikavomera, chilolezo cha heat pump ya mpweya chimakhala miyezi itatu, cha ina yokoka kutentha pansi pa nthaka isanu ndi umodzi, ndiye kampani nayonso siipempha isanadziwe tsiku loyamba. N'chifukwa chake anthu ambiri amathera pa boiler ina ya gasi: amayamba kuganiza tsiku limene yakale yafa. Mayi NaBanda, yanu idakapuma, ndiye ngati mukufuna njira imeneyi itanani oyeza sabata ino. Funsaninso injiniya uja ngati pali kachipangizo kotchipa koti aisinthe ikufikitseni Malichi. Kuzizira kwa madzi pakati posamba pa combi nthawi zambiri kumakhala kachitsulo kamodzi kotsekeka ndi litsiro, si boiler yonse.

Tadala_Glasgow
Ndipo zoti heat pump siigwira kozizira ndi nthano. Ku Norway, Sweden ndi Finland ndi kumene zadzaza, ndipo kumeneko chisanu chake Leeds ndi Nsanje.

Chimbalanga77
Ku Norway nyumba zake si za njerwa za nthawi ya Mfumukazi Victoria ngati za ku Leeds.

NaBanda_Leeds
Zikomo nonse, ndi a Chimbalanga omwe, chifukwa mafunso anu ndi omwewo akufunsa bambo a kuno. Injiniya uja abwera Lachinayi kudzaona kachitsuloko. Ndapeza makampani atatu pa tsamba la MCS, awiri ayankha kale, imodzi ikufuna ndalama ya kuyeza koma akuti adzaichotsa pa mtengo tikagwirizana. Thanki tayeza pansi pa masitepe, ikhoza kukwana tikachotsa masutikesi ndi matumba a ufa. Nkhondo yatsala panja. Malo okhawo amene bokosilo lingakhale ndi pamene bambo anadzala nkhwani ndi mpiru, ndipo anena kale kuti boma likhoza kusunga ndalama yake.

AnkoloMagetsi
Auzeni bambo kuti mpweya wotuluka kutsogolo kwa fani ndi wozizira kwambiri, ndiwo za pamenepo sizingakule. Koma afunseni oyezawo za kulipachika pakhoma ndi zitsulo, kapena kuliika kumapeto kwa bwalo n'kukumba mapaipi. Zimakwezako mtengo.

Mlendi_Luton
Mwati kotesheni zikabwera mutiikire pano tione? Ndikufuna ndimutumizire landilodi wanga, mwina manyazi amugwira.

KabazaWaManchester
Masutikesi mukuchotsawo ngati muli lina la 23 kg ndibwerekeni, ndikupita kumudzi Disembala.